MBALAME ZA M'DAMBO NDI ANA AWO

Mawu awa anayankhulidwa kwa amayi ndi abambo amene anatsiriza maphunziro a sukulu ya kwacha m'mudzi wina kufupi ndi Nyanja ya Chilwa.

 

Lero ndabwera ndi nkhani ya mbalame. Ndaona ena mwayamba kale kuseka. Mwina mumtima mukuti, "Bambo ameneyu watiitanira mbalame basi? Ife mbalame timazidziwa, timadyera nsima." Zoonadi, mumazidziwa. Inenso ndinakulira konkuno, ndipo legeni ndinali nayo. Koma ndikufunseni funso limodzi. Ndani mwa inu anakhalapo pansi m'mawa wonse, m'manja mulibe legeni kapena ulimbo, n'kumangoyang'ana mbalame ikusaka chakudya ndi kulera ana ake? Ine ndinayamba kuchita zimenezi ndili wamkulu kale, ndipo zimene ndinaona ndizo ndifuna kukuuzani lero.

Nyanja yathu

Tiyambe ndi malo amene mbalamezi zimakhala. Nyanja ya Chilwa ndi yachiwiri kukula kwake m'Malawi muno. Yazunguliridwa ndi maboma a Zomba, Machinga ndi Phalombe, ndipo kum'mawa kwake kuli dziko la Mozambique. Mitsinje monga Domasi, Likangala, Thondwe, Namadzi ndi Phalombe imathira madzi ake m'nyanjayi. Koma palibe mtsinje ngakhale umodzi umene umatulutsa madziwo. Amachoka ndi dzuwa basi. N'chifukwa chake madzi a Chilwa ali ndi kamchere.

Nyanja yathu si yakuya. Mvula ikagwa bwino, madzi amasefukira m'madambo. Mvula ikavuta zaka zotsatizana, nyanja imaphwa. Inaphwa mu 1968, inaphwanso mu 1995, ndipo mu 2018 tonse tinaona mabwato ali gone pa matope ong'aluka ku Kachulu.

Madzi osaya otere, okhala ndi matope, njedza ndi bango, ndiwo amene mbalame za miyendo itali-itali zimakonda. Izo sizisambira ngati abakha. Zimayenda m'madzi ndi miyendo, monga m'mene mayi amayendera m'munda wa mpunga atakwinya nsalu.

Kaonedwe kake

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mbalame nazonso n'chimodzimodzi. Mukafuna kuziona bwino, lawirani m'mamawa dzuwa lisanatenthe, kapena pitani madzulo. Valani chovala chosawala. Khalani pansi pafupi ndi chitsamba, dzuwa likhale kumbuyo kwanu kuti lisakuthobweni m'maso. Galu musiyeni kunyumba. Poyamba mbalame zimathawa, koma mukakhala chete kanthawi, zimabwerera ndi kuyamba ntchito zawo ngati palibe munthu. Musakhale m'madzi, pajatu m'madzi oima ndimo timatengera likodzo. Pezani pouma.

Mbalame iliyonse ili ndi chida chake

Chinthu choyamba chimene mudzaona n'chakuti mbalamezi sizidya mofanana. Zili m'dambo limodzi, koma iliyonse ili ndi chida chake ndiponso njira yake.

Taonani kakowa woyera wamkulu uja wa khosi lalitali. Iye amaima m'madzi osagwedezeka, khosi atalipinda. Mungaganize kuti wagona. Kansomba kakayandikira, khosi lija limawongoka mwadzidzidzi, mlomo n'kukagwira. Akagwira nsomba amaitembenuza kuti mutu utsogole, kenaka n'kumeza. Akanayambira kumchira, minga ya nsomba ikanamubaya pakhosi.

Mbale wake wamng'ono, kakowa wa ng'ombe, sakonda kuima m'madzi. Iye amatsata ng'ombe m'dambo. Ng'ombe ikamayenda imadzidzimutsa ziwala mu udzu, ndipo kakowa amangotola. Mlimi akamagaula amabweranso kumbuyo kwake. Ziwala zimene iye amadya n'zomwe zija zimadya mbewu zathu.

Pali kakowa wina wakuda amene amandiseketsa. Ameneyu amayenda pang'ono, kenaka n'kutambasulira mapiko ake kutsogolo, kudziphimba mutu ngati ambulera. Pansi pa mapikowo pamakhala mthunzi. Iye amaona bwino za m'madzi, ndipo tinsomba tikakhala mumthunzimo amatitola. Akatero amapinda mapiko, kuyenda mapazi angapo, n'kutsegulanso ambulera yake.

Nanga chiswankhono? Mukachiyang'anitsitsa mudzaona kuti mlomo wake sutsekeka pakati, pamatsala mpata. Chakudya chake chachikulu ndi nkhono za m'madzi. Dzina lake likuti chimaswa nkhono, koma kawirikawiri sichiphwanya chigoba. Chimalowetsa nsonga ya mlomo wam'munsi m'chigobamo, kudula nyama, n'kuisolola. Mukapeza mulu wa zigoba zopanda kanthu m'mphepete mwa madzi, dziwani kuti pamenepo ndi pamene chinadyera.

Nantchengwa naye ali ndi nzeru zake. Amayenda m'madzi ofika m'maondo ake, n'kumavundula matope ndi phazi limodzi. Achule ndi ana awo akatuluka, iye amawagwira.

Mwaona tsono? Wina adikira, wina atsata ng'ombe, wina apanga mthunzi, wina avundula matope. N'chifukwa chake mbalame za mitundu yambiri zimatha kukhala m'dambo limodzi osalandana chakudya. Asodzi athunso amatero. Wina ali ndi mono, wina mbedza, wina ukonde.

Bambo wolera ana

Tsopano tibwere pa nkhani ya ana. Ndiyamba ndi mbalame imene inandidabwitsa kuposa zonse. Ndi yofiirira, ya khosi loyera, ndipo pamphumi pake pali chibuluu. Zala zake n'zazitali kwambiri, mwakuti imayenda pamwamba pa masamba oyandama osamira. Nonse munaionapo. M'mabuku a Chingerezi dzina lake ndi jacana.

Abambo, tcherani khutu apa. Pa mbalame imeneyi, yaikazi ndiyo yaikulu thupi, ndipo imatha kukhala ndi amuna angapo. Ikaikira mazira, kawirikawiri 4, pa kachisa koyandama, ntchito yake yatha. Imapita kukaikira ena kwa mwamuna wina. Wofungatira mazira ndi bambo. Amawafungatira masabata atatu kapena kupitirira pang'ono. Ana akaswa, woyenda nawo ndi bambo yemweyo.

Tsiku lina m'mwezi wa Malichi ndinakhala m'bwato pafupi ndi njedza, n'kumayang'ana bambo wotere ali ndi ana ake. Tianato tinali ngati timipira ta thonje, koma zala ngati za wamkulu. Bambo sanali kutipatsa chakudya m'kamwa ayi. Anali kungotsogola, akujompha tizilombo pa masamba, ana n'kumatsanzira. Posakhalitsa khwangwala anadutsa m'mwamba. Bambo uja analira kamodzi, n'kunyonyomala. Ana onse anathamangira pansi pa mapiko ake. Iye anawapana ndi mapikowo, n'kuimirira, n'kuyamba kuyenda atawanyamula. Ndinangoona timiyendo tikulendewera pansi pa nthenga, ngati mbalame ya miyendo khumi. Anakawatula m'kati mwa udzu.

Ana a mbalameyi ali ndi njira inanso yodzipulumutsira. Zinthu zikaopsa amamira m'madzi, n'kutulutsa kamlomo kokha kuti azipuma, mpaka mdani atapita.

Tiyeni tiwerengere pamodzi, popeza masamu mwaphunzira. Munthu akatchera msampha n'kukola bambo mmodzi amene akufungatira mazira 4, wapha mbalame zingati? Inde mayi, mwakhoza. Wapha 5. Koma m'mbale mwake mwalowa imodzi yokha.

Mudzi wa akakowa

Akakowa amalera ana mwa njira ina. Iwo amamanga zisa pamodzi, zisa zambirimbiri mu mtengo umodzi kapena m'bango. Ziswankhono nazonso zimamanga pamodzi chomwecho. Mukayandikira mudzi woterewu mudzaudziwa ndi phokoso ndiponso fungo.

Kakowa wa ng'ombe amaikira mazira 2 mpaka 4 nthawi zambiri. Mayi ndi bambo amasinthana kufungatira kwa masiku opitirira pang'ono 20. Ana amaswa ali ofooka, osatha kuyenda. Makolo amapita kukadya, n'kubwera kudzalavula chakudyacho kuti ana adye. Amatero tsiku lonse, ulendo ndi ulendo. Patapita mwezi umodzi ana amayamba kuuluka.

Kumanga pamodzi kuli ndi ubwino wake, chifukwa maso amachuluka. Koma kulinso ndi kuipa kwake. Munthu mmodzi akafika pamenepo ndi dengu, angathe kutola mazira a mudzi wonse tsiku limodzi. Ngakhale asatole kanthu, akangochita phokoso makolo onse amauluka. Mazira ndi ana amatsala padzuwa, ndipo akhwangwala amapezerapo mwayi. Choncho mudzi wa akakowa tiziuonera patali.

Zitosi zimene zimagwa pa mudzi wotere sizipita pachabe. Zikagwera m'madzi zimakhala ngati manyowa. Zimameretsa tizomera ting'onoting'ono timene tizilombo ta m'madzi timadya, ndipo tizilomboto ndi chakudya cha matemba ndi ana a nsomba zina.

Nyumba ya nantchengwa

Nantchengwa si mbalame yaikulu, koma chisa chake n'chachikulu zedi. Amachimanga pa mphanda ya mtengo pafupi ndi madzi. Mwamuna ndi mkazi amatuta timitengo, udzu ndi matope kwa masabata ambiri. Chisacho chimakhala ndi denga, ndipo khomo lake ndi laling'ono, loyang'ana cham'munsi. Kukula kwake kumafika mita imodzi ndi theka, ndipo n'cholimba mwakuti munthu angathe kuimapo osachigumula.

M'kati mwake amaikira mazira 3 mpaka 7. Makolo onse awiri amafungatira pafupifupi masiku 30, ndipo ana amakhala m'chisamo pafupifupi masabata 7 asanatuluke. Nthawi zina kadzidzi amalanda nyumbayo, nantchengwa n'kukayamba ina.

Makolo athu ankatiletsa kugumula chisa cha nantchengwa. Ankati ukatero uona malodza. Ife ana tinkaopa, ndipo zisazo zinkakhala. Kaya malodzawo mumawakhulupirira kaya ayi, lamulo la makolo lija linasunga mbalame.

Chimene ndinalakwa

Si mbalame zonse zimene zimamanga m'mwamba. Pali ina yakuda, yoyera ndi yotuwa, imene imakonda m'mphepete mwa madzi pamene udzu uli waufupi. Kulira kwake kumamveka ngati munthu akusula chitsulo: ting'i, ting'i, ting'i. Imeneyi imaikira madzi akayamba kuphwa. Chisa chake ndi kadzenje chabe pa nthaka. Mazira ake, 3 kapena 4, ali ndi mawangamawanga ofanana ndi dothi, mwakuti mungawaponde osawaona. Ana ake akangoswa, tsiku lomwelo amayamba kuyenda ndi kudzitolera chakudya. Makolo akalira mochenjeza, ana amagona pansi phee ngati timiyala. Makolowo saopa. Amathamangitsa galu, ng'azi, ngakhale ng'ombe.

Chaka china ndili mnyamata, ine ndi anzanga tinayatsa udzu m'mphepete mwa dambo kuti tisake mbewa. Mphepo inali yambiri ndipo moto unatipitirira. Unatentha dera lalikulu mpaka kukafika ku njedza. M'mawa mwake ndinapita kukaona. Mbalame ziwiri za mtundu umenewu zinali kuzungulira malo amodzi, zikulira kosalekeza. Nditayandikira ndinapeza tiana titatu titapsa, titagona pamodzi pa phulusa. Tinachita zimene makolo anatiphunzitsa. Tinagona pansi osagwedezeka, kudikira kuti mdani adutse. Nzeru imeneyo imathandiza pa khwangwala, koma pa moto siithandiza.

Mbewa zimene tinapha tsiku limenelo sizinakwane ngakhale mpani umodzi. Nditafika kunyumba ndinawauza agogo anga aakazi. Iwo sanandikalipire. Anangondifunsa kuti, "Nanga chaka chamawa udzatentha chiyani?" Funso limenelo ndikali nalo mpaka lero.

Kuyambira tsiku loikira dzira mpaka tsiku limene mwana wa mbalame imeneyi auluka, pamapita miyezi iwiri ndi masiku ena. Miyezi iwiri yokha. Mbalame sizitipempha zambiri. Zifuna udzu woimirira ndi mtendere kwa masabata owerengeka.

Alendo ochokera kutali

Pali mbalame zina zimene mudzaziona zikudya pa matope, koma chisa chake simudzachipeza ngakhale mutafuna chotani. Ndi timbalame totuwa, ta miyendo yowonda, timene timathamanga m'mphepete mwa madzi tikujompha nyongolotsi. Timayamba kufika cha mu Seputembala ndi Okutobala, ndipo timachoka cha mu Malichi ndi Epulo.

Timeneti ndi alendo. Kwawo ndi kumpoto kwa dziko lapansi, ku Ulaya ndi ku Russia. Kumeneko ndiko timaikira ndi kulera ana. Kukayamba kuzizira, madzi n'kuuma ngati mwala, timauluka ulendo wa makilomita zikwizikwi kubwera kuno ku Africa. Tikapanda kudya mokwanira kuno, sitingathe kubwerera kwawo kukaswa. Ndiye kuti matope a Chilwa amathandiza kulera ana a mbalame amene ife sitidzawaona.

Chifukwa mbalame sizidziwa malire, maiko anagwirizana kuti azisamala madambo ofunika. Panganolo linasainidwa mu 1971 mu mzinda wa Ramsar ku Iran. Kuno ku Malawi linayamba kugwira ntchito mu 1997, ndipo malo oyamba kulembedwa anali Nyanja ya Chilwa yomweyi. Mu 2017 analembanso dambo lalikulu la Elephant Marsh ku Chigwa cha Shire. Panganoli silinena kuti anthu achoke m'dambo ayi. Likuti tidye za m'dambo mwanzeru, kuti zisathe.

Nanga ndiwo tizitenga kuti?

Ndikudziwa kuti funso limeneli lili m'mitima yanu. Sindinabwere kudzanena kuti kudya mbalame ndi tchimo. Tonse tikudziwa zimene zimachitika nyanja ikaphwa. Matemba, makumba ndi milamba zikasowa, msodzi amapachika ukonde n'kutenga misampha. Mbalame ndizo zimakhala ndiwo, ndizonso zimagula sopo ndi makope a ana. Pa chifukwa chomwecho tiyenera kuzisamala m'zaka zabwino, kuti chaka cha njala tidzazipeze. Mlimi wanzeru sadya mbewu yobzala. Mwini khola sapha thadzi limene likufungatira.

Pali zinthu zinayi zimene aliyense wa ife angathe kuchita.

Choyamba, tisatole mazira ndiponso tisagwire ana a mbalame. Tiwauzenso ana athu, makamaka abusa a ng'ombe, chifukwa ndiwo amapeza zisa kawirikawiri. M'mera mpoyamba.

Chachiwiri, tipumitse misampha, ulimbo ndi mfuti pa nyengo yoswana. Mbalame zambiri za m'madzi zimaswa m'dzinja ndi m'miyezi yotsatira, madzi akadali ambiri. Asodzi a makoka amapumitsa makoka awo kuti nsomba ziswane. Mbalame nazonso zifuna mpata wotere.

Chachitatu, tisayatse moto m'dambo mwachisawawa. Pofuna kutsegula dimba, tilambule m'mbali poyamba, ndipo tiyatse tsiku lopanda mphepo. Podula njedza ndi bango zomangira, tisamalize dera lonse. Tisiyeko pena.

Chachinayi, mudzi ugwirizane ndi a mfumu kupatula malo amodzi amene munthu sasakako chaka chonse. Midzi ina ya m'mbali mwa Chilwa inachitapo zimenezi kudzera m'makomiti a osaka mbalame. Mbalame zikaswa m'malo opatulikawo zimafalikira m'dambo lonse, ndipo wosaka yemwe uja ndiye amapindula. Tisagwiritsenso ntchito mankhwala a poizoni popha mbalame. Poizoni sasankha. Amapha mbalame, amapha nsomba, ndipo amadwalitsa munthu amene wadya nyamayo.

Pensulo yanu igwire ntchito

Ndisanakhale pansi, ndili ndi pempho kwa inu amene mwaphunzira kulemba. Musaike pensulo padenga. Tengani kope lanu, mupatule masamba a kumapeto. Kamodzi pa sabata pitani kudambo. Lembani tsiku, malo, dzina la mbalame, ndi chiwerengero chake. Mwachitsanzo: "Lachiwiri, 4 Malichi. Kuseri kwa dimba. Akakowa 12. Chiswankhono 1. Chisa cha mazira 4." Ngati dzina la mbalame simulidziwa, funsani agogo. Maina ambiri a mbalame ali m'mitu ya okalamba, ndipo akapanda kulembedwa adzapita nawo kumanda.

Pakatha chaka kope lanu lidzakuuzani mwezi umene mbalame zimaikira kwanuko, ndi malo amene zimakonda. Pamenepo a mfumu akaitana msonkhano wopatula malo, simudzayankhula zongomva. Mudzatsegula kope n'kuwerenga zimene munaona ndi maso anu.

Loweruka likubwerali ndidzakhala pa mlatho wa kudambo tambala atangolira kachiwiri. Amene afuna abwere ndi kope ndi pensulo. Legeni itsale kunyumba. Tikachita mwayi, tikamuona bambo uja atanyamula ana ake m'mapiko.



Mafunso okambirana

1. N'chifukwa chiyani madzi a Nyanja ya Chilwa ali ndi kamchere?

2. Tchulani mbalame zitatu za m'nkhaniyi, ndipo fotokozani m'mene iliyonse imapezera chakudya.

3. Munthu akapha mbalame imene ikufungatira mazira 4, wapha mbalame zingati?

4. Kodi kwanuko kuli malo amene mudzi ungapatule kuti mbalame ziziswerako? Kambiranani, ndipo lembani dzina la malowo m'kope lanu.